Mbaula, mdzukulu ndi abambo a Lute

Lolemba, Julaye 1987, Alexandra
Mwana wanga Lute wandisiyira Dalitso, wongoyamba kuyenda, iye wabwerera kuntchito kwa azungu ake. Akuti, "Amayi, ndikadzapeza kathuza ngakhale kamodzi Lamulungu, mwanayu apita kwa apongozi anga ku Doornfontein." Kwa mayi uja wophika phala ngati akulanga munthu! Ayi. Sabata ino muno simupsa munthu.
Mbaula panja. Pulayimasi patebulo. Machesi, makandulo, palafini, pamwamba pa kabati.

Lachiwiri
Kuzizira kwa Joni sikudziwa wachibale. Abambo a Lute alowetsa mbaula, akuti mgodi unawamwa magazi onse. Ndikutulutsa, akulowetsa. Basi ikhale pakona, ndaitchinga ndi mipando. Tikudya choimirira.

Lachitatu
Palafini m'botolo la zakumwa! Wathira ndani? Iwowo. Dalitso akuliloza, akunyambita milomo. Ndalitulutsa. Pobwera ndikupeza akukoka nsalu ya patebulo, ketulo ikuvina pa pulayimasi. Ndamunyamula msanga. Nsalu ndachotsa, yopeta ndekha ija.

Lachinayi
Sukulu. Ndikuloza mbaula: "Moto!" Nayenso, "Moto!" Mwana wanzeru, watengera ine. Kenako akuloza mphaka wa MaDlamini woyandikana nafe: "Moto!" Apo watengera agogo ake aamuna.

Lachisanu
Mipando yotchingira ija yasanduka chingwe choyanikira. Masokosi, mpango, kabudula wamkati. Fungo! Sokosi imodzi yapsa, yatisiya. Akuti, "Inali yobooka kale."

Loweruka
Abambo a Lute akuwodzera atapatsa mbaula msana, jasi lawo lalitali lili lende. Ine ndikuchapa pakhomo. Dalitso, "Moto! Moto!" Ndikuti ndi mphaka. Si mphaka, ndi jasi layaka! Chidebe chonse pa iwo, ndi sopo yemwe. Apsa katumba. MaDlamini akuti mankhwala otsukira mano, wina akuti dzira. Ndawathamangitsa, anesi anatiuza kale kuti madzi ozizira basi. Kukiliniki awamanga bandeji, iwo akungolirira jasi.

Lamulungu
Lute akumutembenuza Dalitso ngati nkhuku ya pamsika. Palibe kathuza. Akuyang'ana bandeji ya abambo ake, jasi lopanda mchira, sokosi yamasiye.
"Mwana akhale. Koma amayi, wamkuluyu tikamusiye kwa ndani?"
Ku Doornfontein sangawalandire. Ndi anga, ndinasankha ndekha. Mbaula ili m'nyumba, kunja kukuzizira. Dalitso wakhala patsogolo pawo, chala chili chiloze.