Kumvetsera Khasu M'damu la Amalume

Lolemba
Ndili kwathu ku Chitipa. Lipoti la kuyunivesite likufunika sabata yamawa, likapanda kupita ndibwereza chaka. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa kompyuta kulosera mmene phokoso limayendera pansi pa madzi. Ndaipangira nyanja zambirimbiri zamasamu, yaphunzira, ikuyankha msanga. Koma aphunzitsi akuti ndiyesenso m'madzi enieni. Kuno madzi amene ndikuwadziwa ndi damu la nsomba la amalume ku Kaseye.

Lachiwiri
Kabaza mpaka ku Kaseye. Zida: foni yokulunga m'jumbo, chingwe, makasu awiri. Amalume azigundanitsa makasuwo m'madzi, ine ndizijambula phokosolo ndi foni tsidya linalo. Avomera, koma akufunsa ngati makinawa angawerenge nsomba zawo. Ndati ayi.
"Nanga ntchito yake n'chiyani, mphwanga?"
Ndafotokoza za sitima zapamadzi. Angoti yewo.

Lachitatu
Madzi akulekeza m'chiuno, pansi matope okhaokha. Kompyuta yanga inaphunzira nyanja zakuya, zamchenga. Ndaipatsa miyeso ya damu, yayankha mosakayika, ngakhale madzi otere sinawaonepo. Ikundikumbutsa anthu ena a m'kalasi mwathu. Mwina ndi ine ndemwe.

Lachinayi
Tajambula! Zomwe zamveka: achule, thovu, kukhwekhwereza kwa jumbo, ndi akazi a amalume akuitana nkhuku. Khasu osamveka.

Lachisanu
Magetsi azima, laputopu yafa masamu ali pakati. Amalume akuti nsomba zasiya kudya gaga chiyambireni phokoso lathu. Andipatsa mawa lokha.

Loweruka
Jumbo yabooka, foni yamwa madzi. Amalume aima m'damu ndi makasu awo, akundidikira. Ndachita manyazi kuwauza kuti zatha. Ndagwada, ndamiza mutu, iwo ayamba kugundanitsa makasu.
Ngwe. Ngwe. Pafupi kwambiri, ngati khasu lili m'mano mwanga, osadziwika mbali imene likuchokera. Chaka chonse ndikulemba za phokosoli, ndalimva lero.
Povuuka ndapeza amayi awiri a mitolo ya nkhuni akundiyang'ana. Mmodzi akufunsa amalume kuti ndi mpingo uti umenewu.

Lamulungu
Foni ili mu mpunga kuti iume. Khutu lakumanzere silikumva bwino. Ndalemba zoona m'lipoti: kompyuta imalosera bwino m'madzi amene ndinaipangira ndekha, za madzi enieni umboni ndilibe. Kaya aphunzitsi alandira, kaya. Zimene ndinamva dzulo ndayesa kuzilemba, ndafufuta. Palibe mutu wa lipoti umene zingalowepo.