Ndinayeserera kudwala, azimayi a kutchalitchi n'kundipeza

Mpaka lero ndikangotsokomola pachitsime, azimayi amandifunsa ngati ndi zenizeni kapena zoyeserera. Ndinaziputa ndekha, koma ndimvereni kaye.

Adokotala kuchipatala cha Mpanshya atandipeza ndi chotupa m'mimba, anati opaleshoni ikadzatha ndisadzanyamule chidebe, ndisadzasinje, ngakhale kuwerama pamoto. Mpeni sindinauope kwenikweni. Chinkandisowetsa mtendere ndi amuna anga, bambo woti chikwatirane sanagwirepo mthiko. (Kulima amalima ndithu, ndisawanyoze.) Ndiye ine, poti ndimadziona wanzeru, ndinati tiyesereretu: ndigone ngati andichita kale, iwo agwire ntchito zonse, ine ndiziwakonza ndili pamphasa.

Ndinadzimanga chitenje pamimba n'kugona, iwo anatenga chigubu ulendo kuchitsime. Kumeneko amake Lute, mtsogoleri wa azimayi a kutchalitchi kwathu, anawafunsa kuti akazi awo ali kuti.

"Bali gone, sibafunika kunyamula vintu," anayankha zomwe ndinawaphunzitsa, osaonjezerapo kuti ndi masewera.

Dzuwa lisanapendeke ndinamva nyimbo pabwalo. Azimayi aja analowa atasenza nkhuni, ufa ndi nsinjiro, amake Lute atapanira nkhuku kukhwapa. Zinthu zimenezi zimachoka m'nyumba zosowa, ndipo amapatsa wodwala basi. Apa mpamene ndikanadzuka n'kunena zoona. Koma manyazi anandigwira, ndiye ndinabuula. (Ndinabuula bwino kwambiri, wina mpaka anagwetsa misozi.)

Anandipempherera, anandimwetsa phala ndi supuni. Amuna anga anangoima pakhomo, maso ali pa nkhuku. Kenako amake Lute anaitanitsa madzi ofunda.

"Amake Chiko, vundukulani tione chilonda, tikupukuteni."

"Ba dokota banakana kuchigwira," ndinatero ndi kamawu kakang'ono.

"Sitizagwira, tizaona chabe."

Anamasula chitenje chija. Mimba inali yosalala ngati dzungu. 

"Ba dokota ba manje basoka bwino," anatero amake Lute, akunyamula nkhuku yawo. Anzawo anatsatira, aliyense ndi katundu wake. Nkhuni zokha ndi zomwe anasiya, poti zinali zolemera.

Apo ndiye ndinachita mantha enieni. Tsiku la opaleshoni linali pafupi, ndipo ndinali nditakhumudwitsa anthu okhawo amene akanandisambitsa ndi kunditembenuza ndikadzalephera kudzuka. Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa. Ena anaseka, ena anangoti tamva. Amuna anga ndinapitiriza kuwaphunzitsa, koma ndili chiimire, chitseko chili chotsegula.

Opaleshoni inayenda bwino. Nditabwerera kunyumba ndinagona n'kumatchera khutu kunjira, mtima uli m'mwamba. Tsiku loyamba sikunabwere munthu. Mawa lake ndinamva nyimbo, ndipo ndinalira, ulendo uno zenizeni. Amake Lute anakana mpando, nkhuku ili m'manja.

"Tione."

Ndinavundukula monyadira, ulusi wonse poyera. Anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anapereka nkhuku ija kwa amuna anga. Iwo anaipha, anaiphika okha, ndipo azimayi onse ananyambita zala.

Mukandifunsa ngati ndinalapa, ndinena kuti pang'ono. Kubuula kuja ndinalakwa. Koma anzawo atapita, amake Lute anatsalira, anasendera pafupi ndi mphasa yanga n'kunong'ona:

"Manje nikafuna kuti na bamuna banga baphunzire, nimange chitenje bwanji?"