Chala cha Mayi Sobczak

Inu, tamverani za mnansi wanga Dokotala Orval Dunleavy, katswiri wa mapazi kuno ku Toledo. Munthu ameneyu mukamupatsa moni sayang'ana kumaso ayi, amayang'ana nsapato zanu n'kupukusa mutu.

Tsono bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala a mapazi silimva zoti "ntchito ndimaitha". Mayeso ulembe, ukhoze, komabe lifuna zithunzi za mafupa a anthu amene unawachita opaleshoni, china asanachire, china atachira. Achipatala nawo anamuuza Orval mosapsatira mawu kuti chaka chikatha alibe chiphaso, mpeni autule. Ndiye chinatsala n'chithunzi chimodzi chokha, cha Mayi Wanda Sobczak, amene anawawongola chala chachikulu cha kuphazi.

Vuto lake, anawachiza bwino mopitirira muyeso. Munthu akachira, kuchipatala akatengekonso chiyani?

"Mayi, mubwere tidzajambule phazi lija," anachonderera pafoni.

"Lalakwanji? Silikupweteka."

"N'chifukwa chake tikulifuna."

"Odwala atha kodi, mwayamba kujambula anthu abwinobwino? Pepani adokotala, ndachedwa kugule."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Orval analondola kunyumba kwa mayiwo, koma atangoponda pakhonde anaterereka pamadzi oundana ndi chisanu, khu! chagada, kagalu kakuseli n'kubwera kudzamunyambita kumaso. Ali chigonere pomwepo, oyandikana nawo anamuuza pawindo kuti Loweruka lililonse mayiwo amavina gule wa polka kuholo ya tchalitchi.

Loweruka mkulu uja anatchena suti ndi nsapato zosongoka, zomwe zija amakalipira nazo odwala ake. Kulowa muholo, uyu Dokotala Hollis Brandt, mnzake wopikisana naye kuyambira kusukulu, watsekera pakamwa ndi tizitumbuwa totchedwa mapierogi.

"Wabwera kudzapempha phazi, Orval?"

"Iwe chiphaso chako chinatuluka?"

"Chituluka bwanji? Ndatsala ndi opaleshoni imodzi ya fupa lothyoka, koma anthu a masiku ano akuyenda mosamala ngati anyamula mazira. Mulungu awakhululukire."

Mayi Sobczak anatulukira thukuta lili kamukamu. "Aa, adokotala anga! Muvine nane nyimbo imodzi, Lolemba ndibwera."

Munthu wanzeru akanati sinditha. Koma Orval anakonza tayi. "Mayi, ine mapazi ndinawapitira sukulu. Fupa lililonse ndimalidziwa ndi dzina. Kuvina n'chiyani?"

Abale inu, kudziwa phazi ndi kuliyendetsa n'zosiyana. Ng'oma itagunda, anthu akupita kumanja, iye kumanzere. Anawomba tebulo, msuzi wa kabichi n'kukhuthukira wansembe pamiyendo. Pofuna kupepesa anatembenuka, ndipo nthawi yomweyo mayi aja, omwe si munthu wochepa thupi, analumpha n'kutsika kuchokera m'mwamba ndi phazi lomwe lija analikonza yekha, n'kutera pansapato yosongoka. Thyo! Ngakhale oimba anamva.

Orval anagwa misozi ili mbwembwembwe, koma matama sanamuthere. "Mwaiona mphamvu ya chala chimenecho? Ntchito ya manja anga imeneyo!"

Brandt anataya mbale, akukankha anthu, nkhope ikuwala ngati wapeza mwana. "Aliyense asamukhudze! Ameneyu ndi wanga!"

Kuchipatala Mayi Sobczak anatsatira okha, manyazi atawagwira. "Kalanga ine, ndapha dokotala wanga! Ndikuchitireni chiyani?"

Orval, ali pamachira akupita kokachekedwa ndi mdani wake, anadzutsa mutu. "Vulani nsapato. Lowani chitseko icho. Musatuluke asanakujambuleni."

Chithunzi chinapita, chiphaso chinabwera, ndipo anachipachika pamene aliyense wolowa amayamba kuchiona. Phazi lake nalo linachira bwinobwino, pakuti Brandt, tisamunamizire, dzanja ali nalo.

Koma paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzana ndinali kwa Orval tikumwa khofi, foni n'kulira.

"Orval m'bale wanga," anatero Brandt ndi mawu ozizira ngati wamaliro, "ubwere tidzajambule phazi lija. Chaka chikutha."

Orval anandiphethira diso, uku akumanga zingwe za nsapato zatsopano.

"Lalakwanji? Silikupweteka. Pepa mnzanga, Mayi Sobczak akundidikira kugule."