Sipiliano ndi Dzanja la Etinala

Mwambi mukufunsawo, ana inu, unayamba motere, ndipo unayambira pa sukulu yanu yomwe ino. Wina akadzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale, mumufunse ngati analipo. Ine ndinalipo. Tabisani kaye mafoniwo, sindilankhula ndi anthu oweramira m'manja.

Masiku amenewo holo mwakhalamo ino kunalibe. Tinali ndi makalasi anayi basi, ndiye zochitika zathu tinkakachitira kuphiri uko. Kuli mapanga awiri kumeneko, lina kum'mawa, lina kumadzulo. La kum'mawa linali Nyumba ya Malamulo ya ophunzira. Tinkasankha boma lathu, nduna zathu ndi sipikala wathu, n'kumakangana ngati aphungu enieni. La kumadzulo linali la a zisudzo. Kuchoka phanga ili kukafika linalo, wothamanga bwino ankatha mphindi khumi, kudzera pathanthwe lopanda ndi mtengo womwe. Ndimawasowa mapanga aja. Ngakhale mwana wamanyazi akalankhula m'menemo ankamveka ngati munthu wamkulu.

M'kalasi mwathu, Folomu 4, munali mnzanga Sipiliano Kadzakumanja, mnyamata wa mtima wabwino koma wosadziwa kukana. Chilowereni Folomu 1, mtima wake unali pa mtsikana mmodzi, Etinala. Sanamuuzepo. Akanamuuzira pati? Mnyamata akapezeka ataima ndi mtsikana awiriwiri, mawa lake ankakumba dzenje la zinyalala. Zaka zinayi Sipiliano ankangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wa Etinala, poti mtsikanayo ankakhala kutsogolo. Tonse tinkadziwanso kuti tikatsekera, Etinala apita ku Chipata kumene bambo ake anasamukira, ndipo sadzabweranso.

Njira yogwira dzanja la mtsikana popanda chilango inalipo imodzi yokha: sewero la a Folomu 4 pa tsiku lotsazikana. Chaka chimenecho seweroli linkathera pa ukwati. Mkwatibwi anali Etinala, ndipo mkwati anali munthu wa ku Joni amene ankangotulukira kumapeto kwenikweni. Sipiliano analimbana mpaka aphunzitsi a zisudzo, a Chimbalanga, anamupatsa gawo la mkwatiyo. Koma a Chimbalanga anali mkulu wa mpingo, ndipo poyeserera sankalola zogwirana.

"Dzanja ligwiridwa kamodzi, pa tsikulo, makolo akuona," ankatero. "Pano gwirani rula."

Ndiye mkwati ankagwira rula mbali iyi, mkwatibwi mbali inayo, miyezi iwiri yathunthu. Potsika phiri Sipiliano ankandinong'oneza kuti, "Akimu, atsala masentimita makumi atatu okha." Ine ndinkaseka, koma chisoni ndinkamumvera.

Kutatsala sabata ziwiri, boma la ophunzira linasowa Nduna ya Zakudya. Palibe ankaufuna udindowo chifukwa nyemba za chaka chimenecho zinali zofumbwa. Anzathu a m'boma anapita kwa Sipiliano atanyamula jekete lakuda limene nduna zinkavala.

"Tangoganiza," anamunyengerera, "Etinala akamva anthu akuti Olemekezeka a Kadzakumanja."

Analiyesa jekete lija, n'kuvomera pomwepo.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" ndinamufunsa. "Nyumba ikukumana tsiku la sewero, ola lomwelo. Makolo ena apita uku, ena uko."

"Ndawerengera kale," anatero. "Za nyemba ndiyankha mphindi makumi awiri. Ukwati uli kumapeto. Ndikafika nditavala kale jekete la nduna. Mkwati wotere unamuonapo kuti?"

Apa ndivomere tchimo langa, musamve kwa ena. Mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma ndinali ine, ndipo ndinamulonjeza kuti ndimufunsa funso limodzi lokha.

Tsikulo linacha ndi mitambo. Makolo anadzaza phanga la kum'mawa, ndipo ine ndinaimirira nditanyamula kachitini ka nyemba za kukhitchini.

"Bambo Sipikala," ndinatero, "nduna itiuze. Kodi timadya nyemba zokhala ndi anankafumbwe, kapena anankafumbwe okhala ndi nyemba?"

Makolo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine mutu unakula, lonjezo ndinaliiwala.

"Boma likufufuza," anayankha Sipiliano.

"Likufufuza liti? Anankafumbwewo lawafunsa kale?"

"Boma lipereka lipoti."

"Ndili ndi funso lowonjezera, Bambo Sipikala."

Mafunso owonjezera anakwana asanu ndi awiri. Sipiliano ankandiyang'ana mopempha, ine n'kumayang'ana makolo. Kunja mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Kenaka ng'oma inamveka kuchokera kumadzulo.

Mukanamuona. Anasiya chiganizo pakati, n'kudumpha chingwe chimene chinkakhala pakhomo la phanga m'malo mwa chitseko. Kuweramira sipikala, kumene lamulo linkafuna, sanakumbuke. Anadutsa thanthwe lija mvula ikumukwapula, n'kukafika ku phanga la zisudzo ali wefuwefu, madzi akuchucha m'jekete.

"Ukwati wayamba?"

"Ayi, ng'oma imeneyo inali ya chinkhoswe," anatero a Chimbalanga, amene anaima pakhomo ndi pepala la sewero. "Wachita bwino kufulumira. Kwatsala theka la ola. Khala apa uume."

Ana inu, akanangokhala. Pamwala panali pouma. Etinala anali uko kutsogolo atavala diresi loyera losokedwa ndi makatani a kuofesi, ndipo anacheuka n'kumuona kuti wafika. Ndakhala ndikuganizira mwala umenewo zaka makumi asanu. Koma Sipiliano anayamba kuwerengera zala.

"Theka la ola? Kupita khumi, kubwera khumi. Zatsala khumi zomalizira yankho langa. Ndikapanda kubwerera anena kuti nduna yathawa nyemba, ndiye Etinala amva."

"Mwana iwe, khala pansi."

"Ndikubwera pompano, aphunzitsi."

Anatulukanso pamvula. Atafika kum'mawa anapeza chingwe chamangidwa, ndipo mlonda wa Nyumba, mnyamata wa Folomu 3 wokonda malamulo kuposa amayi ake, waima ndi ndodo.

"Nyumba ikuvota. Chingwe sichimasulidwa."

"Ine ndine nduna."

"Munali nduna. Munatuluka osawerama, Nyumba yakuchotsani. Vulani jekete la boma."

"Ndiitanireni sipikala."

"Sipikala salankhula ndi anthu a kunja kwa chingwe."

Anakangana, iye ali pamvula, mlonda ali pouma. Ine ndinali m'katimo ndikuona zonse, ndipo nditapenya nkhope yake manyazi anandigwira. Mlonda anamuvula jekete lija, n'kulipachika pandodo kuti likhe madzi. Asanamalize n'komwe, ng'oma inaliranso kumadzulo, ndipo ulendo uno kunamveka ndi nthungululu. Mphepo inali itayamba kulowetsa mvula m'phanga la zisudzo, ndiye a Chimbalanga anadumpha gawo limodzi kuti makolo asanyowe.

Sipiliano anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, ine pambuyo pake nditafunda ambulera. Pathanthwe panali poterera. Anagwa chagada, nadzuka, nsapato imodzi n'kutsalira mumng'alu. Sanaitole.

Tsono m'sewero lija munali mnzathu wina, Batumeyo, amene gawo lake linali la mtengo wa mango. Miyezi iwiri ankangoima atanyamula nthambi, ndipo poimapo mawu a aliyense anawaloweza. Mkwati atasowa, a Chimbalanga anamulanda nthambizo n'kumukankhira kutsogolo.

Tinafika mtengo wa mango utagwira kale dzanja la Etinala. Masamba anali akadali m'tsitsi lake. Makolo ankaomba m'manja, amayi n'kumalulutira.

Sipiliano sanalowe. Anangoima panja, malaya atamatirira pathupi, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Ndinati ndimukokere pouma, anandikaniza. Sewero litatha, Etinala anabwera mpaka pakhomo la phanga, pamene madzi ankagwera, n'kumuyang'ana. Aka kanali koyamba kumulankhula mawu osachokera papepala.

"Ndinakudikira, Sipiliano. Ndinanamizira kuiwala mawu anga kawiri konse kuti ufike."

Mnzanga anangoyang'ana sokosi yake yonyowa ija. Amayi oyang'anira atsikana anali atafika kale kudzatenga mtsikanayo. Loweruka lake Etinala anakwera basi, ndipo palibe mwa ife anamuonanso. Sipiliano tinamuika m'manda chaka chatha, ndipo ndimamusowa kwambiri. Anandikhululukira mafunso aja kalekale, koma ine mwini sindinadzikhululukire.

Tsiku lijalo, makolo atayamba kutuluka, a Chimbalanga anatipeza tikadali pomwepo. Anamuyang'ana Sipiliano kuyambira kumutu mpaka kusokosi, n'kupukusa mutu.

"Anthu onsewa abwera paphiri lomweli, mvula yake yomweyi," anatero. "A kum'mawa ndi ouma, a kumadzulo ndi ouma. Wanyowa ndiwe wekha, mwana wanga. Mapanga awiri avumbwitsa."