Laputopu Yoyesera ndi Vidiyo ya Ukwati

Lolemba

Alamu anga, eni situdiyo yathu ino, abwera ndi pulogalamu yokonzera mavidiyo pa fulashi. Akuti wawapatsa mnzawo ku Monkey Bay. Akufuna ndiyiike lero lomwe pa kompyuta yaikulu, momwe muli vidiyo ya ukwati wa mwana wa Abiti Saidi. Ndakana! Bwanji ikakhala ndi vairasi? Ndiyiyesa kaye payokha:

- pa laputopu yakale, m'chipinda cha katundu
- intaneti ayi
- fulashi ya munthu wina ayi
- kapulogalamu kolondera, kondionetsa chilichonse chimene chasintha m'katimo

Ndikudzimva ngati dokotala.

Lachiwiri

Ndayiika. Kolondera kaja kakuonetsa mafayilo atsopano, onse a pulogalamuyo. Chachilendo palibe. Fulashi ya alamu ndatsekera m'kabati. Pachitseko ndamata pepala: MUSAKHUDZE.

Alamu: "Ndiye kuti ili bwino, eti?" Ndikuti adikire mpaka Lachisanu, mavairasi ena amayamba agona kaye. Akupukusa mutu.

Lachitatu

Zosintha mbwee! Thukuta kamukamu. Ndikuyang'anitsitsa: nyimbo zachisilamu za kaswida. Vairasi yoimba kaswida?

Ayi. Ndi Che Jafali, telala wa khomo loyandikana nafe, amene amasunga makina awo m'chipinda chomwecho. Alowetsamo fulashi yawo. "Ndinaona kompyuta yangokhala, mwanangu, ndati ndimvereko pang'ono." Nanga pepala lija? "Ndinaliona. Ndimayesa mukunena mawaya."

Tsopano sindikudziwa kuti chabwera ndi pulogalamu ndi chiti, chabwera ndi Che Jafali ndi chiti. Ndikufufuta zonse, ndikuyambiranso.

Lachinayi

Magetsi azima mmawa wonse. Batire la laputopu silisunga moto.

Atangoyaka, achemwali anga, akazi a alamu, alumikiza laputopu ija ndi intaneti ya foni yawo. "Ndimayesa mwaiwala, ndakuthandizani." Zosintha: zonse! Ndafufutanso. Ndakhoma chitseko. Che Jafali akugogoda, akufuna ulusi. Ndi munthu wamkulu. Ndatsegula.

Lachisanu

Ndathamangira kumsika kukagula loko wangawanga. Pobwera ndikupeza alamu pa kompyuta yaikulu, akumwetulira, atavala kale zopita kumzikiti. "Mwayesa sabata yonse, sinaphulike. Ndayiika."

Ndi fulashi iti, poti yawo ili m'kabati? Ya Che Jafali! Kani Lachitatu lija anakoperako pulogalamuyo, akuti mwina ingadzawathandize.

Fulashi imeneyo yalowa m'makompyuta onse a m'tauni muno, yadzaza mavairasi. Mafayilo athu asanduka tizizindikiro toyera. Ndikudina, zii. Vidiyo ya ukwati siikutseguka.

Loweruka

Zimene ndayesa:

- kuzimitsa ndi kuyatsa
- kuimbira mnzanga amene tinaphunzira naye makompyuta (akungoti "pepa")
- kadi ya kamera: alamu anafufuta kalekale, muli mpira wa ana asukulu

Chondiwawa: sabata yonse ndalondera laputopu yopanda kanthu, osakopera vidiyo ija pena. Sizikanatenga nthawi. Ndipo m'chipinda muja pulogalamu ikuyenda bwinobwino. Inalibe vuto!

Abiti Saidi abwera atatchena, ali ndi abale ochokera ku Chowe, kudzatenga vidiyo. Alamu athawira khomo lakuseri. Abitiwo ndawauza ndekha. Sakukalipa. Akungoti: "Mkamwini wabwerera kale ku Joni. Mwana wanga amati aziionera akamusowa."

Bola akanakalipa.

Lamulungu

Situdiyo ndi yotseka, ine ndili m'kati. Kompyuta yaikulu ndafufuta yonse. Yayera, ilibe vairasi, ilibe chilichonse. Alamu akuti mutu ukuwapweteka.

Masana Abiti Saidi atumiza mawu: tijambulanso ukwatiwo mawa. Diresi lilipo. Azimayi ovina alipo, akuti sanatope. Suti ya mkwati inatsala, avala msuweni wake. Ndi wamfupi, ndiye Che Jafali akupinda thalauza, mwakachetechete, opanda nyimbo.

Akuti msuweniyo ndizimujambula chakumbuyo, nkhope isaoneke. Mkwatibwi wavomera, koma akuti asamugwire dzanja.

Ndikutchaja batire la kamera.