Chimimba Wanu ndi Mkonono wa Amuna Anga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yopanga Zida Zokonzera Mapulogalamu a m'Foni,
Kulikonse kumene mumakhalako.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada. Kunena zoona sindinagwade, mawondo anakana kalekale, koma ndamuuza mwanayu alembe kuti ndagwada, ndiye inu mungolandira choncho. Muli bwanji kumeneko, ndi amayi kunyumba, ndi ana? Ife kuno tili bwino, tikungoseka ngati anthu olawa kachakumwa, ndipo zonsezi n'chifukwa cha inu.

Ine ndine mayi wamasiye, nkhalamba, kusukulu sindinapondeko. Amene wagwira cholemberayu ndi mzime wanga, mwana wamkazi, amene amapanga timapulogalamu ta m'foni ndi chida chanu chija. Dzina la chidacho wanditchulira kangapo koma lilime langa likungopunthwa, ndiye m'nyumba muno timangochitcha Chimimba. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Akulemba papepala ndi bolopeni, munthu wa digiri ya makompyuta, poti laputopu yake mwaigwira inu. Iwe lemba, usandiyang'ane choncho.

Mwanayu wapanga kapulogalamu kokumbutsa nkhalamba kumwa mankhwala. Nthawi ikakwana foni imalankhula yokha kuti agogo, mapiritsi. Amayesera pa ine ndi pafoni yanga, poti nkhalamba yoiwala ali nayo pafupi, ya ulere. Akuluakulu a pachipatala china amuuza kuti akawaonetse sabata yamawa, kakawasangalatsa amulemba ntchito. Kanatsala pang'ono kutha. Pamenepo ndiye munalowererapo inu ndi chifundo chanu, ndipo ndiloleni ndikuthokozeni mwandondomeko.

Choyamba, zikomo pondichotsera manyazi. Tsiku lina ndinasiya foni pachaja n'kupita kukasamba. Pobwera ndinapeza yadzikonza yokha, akuti yapanga apudeti, zithunzi zonse za pagalasi zasintha malo ngati mwalowa mpongozi waukhondo. Mwanayu atailumikiza ndi chingwe ku laputopu, Chimimba anati foni iyi sindikuidziwa. Foni imene akhala akuonana nayo m'mawa ndi madzulo chaka chonse. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndimayesa kuiwala anthu ndi matenda a ife okalamba, osadziwa kuti ndi za ophunzira zomwe. Tsopano ndikakumana ndi munthu pamasitepe n'kumusowa dzina, ndimangomuuza kuti pepani, mwapanga apudeti. Mwanayu akuti foniyo si ya kampani yanu, ndi ya anzanu ena. Chabwino, koma mukakumana kochezera muzipatsanako moni, kuti zinthu zanu zizidziwana.

Chachiwiri, zikomo pondikumbutsa utsikana wanga. Kuti Chimimba aidziwenso foniyo, akuti nayenso apange apudeti. Chimimba watsopano anakana kulowa, akuti laputopu iyambe yasintha za m'mutu mwake. Itasintha, kachida kena kamene kamamanga pulogalamu pamodzi kananyanyala, akuti ine ndi watsopanoyu sitigwirizana, ndiitanireni mkulu wanga. Mkulu wakeyo atabwera anati sagwira ntchito popanda kanthu kenanso, ndipo kanthu kenako kankafuna Chimimba wakale, yemwe tinali titamuthamangitsa kale. Bwana, ndinakumbuka mmene ndinkayendera ndi mwana kumsana m'maofesi, pawindo ili akuti pitani windo lija, windo lija akuti wachidindo wapita kukadya, wachidindo akabwera akuti mwayambira kolakwika. Ndimayesa zimenezo zinatha. Inu mwazisunga bwinobwino, ndipo mwatibweretsera m'nyumba momwe, osakweranso basi. Mulungu akudalitseni.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha kamzere kobiriwira kaja. Kamene kamayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja kusonyeza kuti zinthu zikulowa. Wailesi yakanema tinazimitsa, m'nyumba muno tikuonera kamzereko. Ndinakoka mpando, tiyi m'manja. Kakasuntha pang'ono ine ndimadzuka n'kuvina ndi ndodo yanga, kakaima ndimakanyengerera ngati mwana wophunzira kuyenda. Ndinaitana ngakhale amayi oyandikana nawo khomo kuti adzaone, iwo n'kumachemerera nawo osadziwa n'komwe kuti tikuchemerera chiyani. Kanayenda, kanayenda, kutangotsala kampata kongolowa tsitsi limodzi, kanaima nji. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tadekha mpaka taona maso, nsidze ndi zikope zomwe, kamzere kali pomwepo.

Mwanayu anazimitsa n'kuyatsanso. Anachotsa zonse n'kuyambiranso. Anatsuka zimene amati zinyalala za m'kati. Kenaka anakafunsa pa intaneti, n'kupeza bambo wina amene anadandaula za vuto lomweli zaka zapitazo, mawu ake ofanana ndendende. Tinawerama tonse awiri kuti tione yankho. Pansi pake bamboyo analemba kuti zatheka, zikomo nonse. Basi. Osanena kuti zatheka bwanji. Ngati mukumudziwa munthu ameneyu, mukamuuze kuti kuli gogo wina amene akumufunira moyo wautali kwambiri, ndi mano owawa.

Pomaliza Chimimba analankhula zoona zake. Akuti malo achepa. Sakwana.

Chachinayi, ndipo apa ndiye ndikuthokoza ndi mtima wanga wonse, osati mwamwambo chabe. Kuti apeze malo, mwanayu anayamba kufufuta zinthu. Mafilimu anapita. Nyimbo zinapita. Chimimba akuti sindinakhute. Ndiye anafika pa zithunzi za mnyamata uja wa nsapato zosongoka, amene anamusunga mwana wanga pachibwenzi mpaka ine kumera imvi zina, kenaka n'kukakwatira kwina. Ine ndinayankhula, azakhali ake anayankhula, abusa anayankhula, zithunzi osachoka. Inu simunayankhule kanthu, munangoti malo achepa, mnyamata yense ndi nsapato zake psiti. Ndinavina mpaka ndodo kugwa. Usadumphe pamenepa iwe, ndikuona dzanja lako, lemba za nsapatozo.

Koma Chimimba anadya mnyamatayo n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti bwerezani. Ndipo chinthu chachikulu chimene chatsala mu laputopumo ndi amuna anga.

Ndikufotokozereni. Tsiku limene mwanayu anamaliza sukulu yake, bambo ake anabwereka kamera kwa mnzawo kuti ajambule chisangalalo. Munthu sanaigwirepo kamera chibadwire. Anajambula mapazi a alendo, chitseko, ndi theka la nkhope yawo ali kufunsa kuti kodi chayaka chimenechi. Alendo atapita, anaika kamerayo patebulo chagada, osaizimitsa, n'kugona pasofa. Ndiye vidiyoyo, Bwana, ndi denga. Masana onse denga lokhalokha, ndi fani ikuzungulira. Koma mawu alimo onse. Akumveka akuvula nsapato n'kubuula. Akumveka akundiitana kuti mayi a mwana, mwabisa kuti mabatire a wailesi, ine n'kuwayankha kuchokera kukhitchini mawu amene sindingabwereze m'kalata yaulemu. Akumveka akuseka okha. Kenaka mkonono. Mkonono wautali, wokwera ndi wotsika, wokhala ndi kakhweru kumapeto, umene ndinkawagunda nawo chigongono moyo wathu wonse. Chaka chotsatira anatisiya.

Tsopano ine ndikadya masana ndimamuuza mwanayu kuti ndiyatsire bambo ako. Amaika laputopu pampando pafupi ndi bedi, ine n'kutembenukira kukhoma, iwo n'kuyamba kuliza. Ndimagona tulo tabwino kuposa ta mapiritsi. Nthawi zina ndimatambasula chigongono mwachizolowezi.

Mwanayu sananene kuti tiwafufute, ndisamunamizire, ndi bambo ake. Anati tiwasamutsire pa fulashi. Ine fulashi ndikuidziwa. Zithunzi za ukwati wa mkulu wake zinali pa fulashi, fulashi inali m'thumba la buluku, buluku ndinalichapa ine ndemwe ndi madzi otentha. Anati tikawasungitse pa makompyuta a anthu ena kutali, tiziwaitanitsa tikawafuna. Ndinati amuna anga sanagonepo kwa eni ali moyo, sayambira lero, ndiponso tsiku limene bandulo yatha ndiye kuti ndafedwa kachiwiri. Anati tiwafinye achepe. Anayesa pang'ono kuti ndimve, mkonono unatuluka wopyapyala ngati wa munthu wina, kakhweru kaja kulibe. Ndinati ameneyu sindikumudziwa, mubwezereni kwa mkazi wake. Pomaliza anati tidule, tisunge pamene pali nkhope ndi pamene akuyankhula, zadenga zipite. Anati amayi, kwinaku palibe chimene chikuchitika. Ndinamuyang'ana. Cholembera chaima tsopano, mwanayu akuyang'ana pawindo. Lemba mwanawe, sindikukudzudzula. Ndikudziwa kuti ntchito ukuifuna, inenso ndikufuna uipeze.

Chachisanu, zikomo pondiphunzitsa kulemekeza akufa. Dzulo ndinamuuza mwanayu kuti tatsegula mimba ya chinthuchi tione chimene chimadya. Anatsegula. Abale inu. M'katimo muli Achimimba akale onse, wa chaka chatha, wa chaka chinacho, agogo awo ndi azigogo a agogo awo, aliyense ali ndee pamalo pake, palibe amene anachoka. Watsopano akamabwera, wakale satuluka, amangosunthira kuchipinda. Mulinso timafoni tabodza, tojambula, tomwe amayesera pulogalamu foni yeniyeni ikasowa, tina ta mtundu umene ngakhale okonza mafoni pamsika anasiya kuuona. Tonseto tili ndi mabedi awo m'nyumba ya mwana wanga, lendi osalipira. Akuti mlendo ndi mame. Anu ndi chigumula.

Ndinawomba m'manja, ndinati basi tapulumuka, tulutsa amenewa. Mwanayu anachotsako mmodzi, wakale kwambiri, woti palibe amene wamuitana chaka chonse. Nthawi yomweyo galasi lonse linafiira ndi zilembo, pulogalamu ya mapiritsi inakana kudzuka, foni yanga inasiya kunditcha agogo. Akuti watsopanoyo anatsamira pa wakaleyo penapake, koma sanena kuti pati, ndipo mwa enawo sitingadziwe amene ali mzati ndi amene ali chinyalala. Tinachita kumubweza malemuyo ndi ulemu wonse, kamzere kobiriwira n'kuyambiranso kumanzere. Ine pamenepo ndinaseka mpaka misozi, amayi oyandikana nawo anachita kugogoda kufunsa kuti kwagwanji. Ndinati palibe, ndangozindikira kuti akufa a kampani sasunthidwa, osunthidwa ndi anga.

Ndiye Bwana, ine munthu wosaphunzira sindingakuuzeni kagwiridwe ka ntchito yanu. Mwina kumene mumakhalako malaputopu ndi aakulu ngati nyumba zosungiramo katundu, intaneti imatuluka pampopi, ndipo palibe amene ali ndi wakufa woti amusunge. Pempho langa ndi laling'ono. Sabata yamawa isanafike, tumizani munthu adzatenge akufa anu. Ndinu eni ake, mukuwadziwa mayina, mukudziwa amene angadzuke popanda denga kugwa. Tidzawaperekeza mpaka pageti.

Zikakuvutani zimenezo, musatume munthu, mubwere nokha. Nyumba yathu ndi yam'mwamba, masitepe ndi otsetsereka, mugwire chitsulo. Ndidzakupatsani mpando wabwino uja ndi tiyi wamkaka. Mwanayu adzayatsa bambo ake, inu mudzamvere kuyambira pamene akuvula nsapato mpaka pamene batire la kamera linathera, osadumphitsa, osayang'ana wotchi. Mukamaliza mudzandilozere ndi chala chanu chophunziracho kuti kuyambira apa mpaka apa palibe ntchito, ndipo batani lofufutira mudzadine nokha, ine ndikukuyang'anani.

Ndatha ine wanu wogwada papepala,

Mayi wamasiye wa m'nyumba yam'mwamba,
amake wopanga mapulogalamu.
Chala chadindidwa m'munsimu ndi changa, inki ndi ya bolopeni imene taiphwanya.