Tikapu Titatu ta a Mwakikunga

Ku Karonga Boma aliyense ankamwa tiyi, kupatula malemu Yotamu Mwakikunga. Iwo ankamwa khofi wakuda bii, wopanda shuga, ndipo munthu wothira mkaka m'kapu ankamuona ngati wofunika mapemphero. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti kutamanda munthu kumamuwononga, choncho ndingonena zimene ndinaona.

Chizolowezichi a Mwakikunga anachitenga ku Tanga, kunja kwa dziko lino, kumene anagwira ntchito m'minda ya khonje ali mnyamata. Khofiyo ankaitanitsa kumapiri a Misuku. Ankakazinga okha m'phale n'kusinja mumtondo wa akazi awo, a Bertha, amene anadandaula mpaka ukalamba kuti m'nyumbamo ngakhale nsinjiro zimamveka khofi.

Pakhonde pawo panali lamulo: mlendo asanene chimene wabwerera asanamalize tikapu titatu. Mphunzitsi wina wa ku Zomba, a Elliot, anabwera akuthamanga kudzanena kuti mbuzi za a Mwakikunga zalowa m'dimba lake. Anamukhazika pansi. Atangolawa, misozi inalengeza.

"Mukulira, aphunzitsi?"

"Ndi utsi, bambo."

"Moto ndazimitsa kalekale."

Pomaliza kakapu kachitatu, mbuzi zinali zitakhuta n'kubwerera zokha, ndipo nkhani inathera pomwepo. Abusa nawonso anayesapo kudandaula kuti chakumwacho n'chowawa. "Abusa," anatero a Mwakikunga, "inu mumatipatsa zowawa Lamulungu lililonse, ife n'kumameza."

Zinali zaka za chipani chimodzi. Kalaliki wina wa m'sitolo, a Manase, anatengedwa n'kutsekeredwa m'ndende popanda mlandu, ndipo anabwerako patapita zaka, atawonda, mano ena atachoka. Kumupatsa moni kunali kudziitanira mavuto. Akamadutsa pamsika, anthu ankatembenuka n'kuyamba kufunsa mtengo wa usipa umene sankafuna kugula. Munthuyo ankafota ali moyo.

M'mawa wina a Mwakikunga anapita kukamutenga, n'kumukhazika pabenchi loyang'ana kumsewu wa kumsika. Ketulo isanawire, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, a Chakufwa, anatulukira.

"A Mwakikunga, ndabwera ndi nkhani yoopsa."

"Karibu, bwana tcheyamani. Pano ngakhale yoopsa imadikira."

"Ine sindingakhale pansi ndi..."

"Mukuopa kuwawa eti? Musachite manyazi. Koma aphunzitsi a ku Zomba aja anamaliza tonse titatu."

Mwana wa ku Karonga sakanalola kupambanidwa ndi munthu wa ku Zomba. A Chakufwa anakhala, ndipo malo analipo amodzi okha, pambali pa a Manase. Tsikulo a Mwakikunga sanafulumire. Kakapu koyamba katatha, anapeza kuti khofi wosinja watha, n'kuyamba kukazinga wina. Kenaka makala anavuta. Nthawi yonseyi amayi opita kukagulitsa mpunga, asodzi, anamwino ndi apolisi ankadutsa, aliyense akupereka ulemu kwa tcheyamani ndi kuona amene wakhala naye.

"Tsopano nenani, bwana," anatero a Mwakikunga, akulandira kakapu komaliza.

A Chakufwa, thukuta lili kamukamu, anayang'ana kumsewu. Akanati akanene anthu omwa ndi a Manase, dzina loyamba likanakhala lawo, ndipo mboni zinali msika wonse.

"Ndimati... denga lanuli likufunika udzu wina."

"Ndagha," anathokoza a Mwakikunga m'Chinkhonde. "N'zoopsadi zimenezo."

Sabata isanathe, anthu anayambiranso kupereka moni kwa a Manase, poyamba ndi mutu wokha, kenaka ndi dzanja. Sindinena kuti a Mwakikunga anali olimba mtima, pakuti akanandithamangitsa ndi musi. Ndingoti m'boma monse munalibe wina amene anachita zimenezo, ndipo anali wa kwathu.

Anamwalira nyengo ya mvula, atakalamba kwambiri. Masiku ano msewu wa kumsika ndi msewu chabe. Anthu amadutsa mwaliwiro, ndipo palibe wowaimitsa. Pamaliro ndinakhala pafupi ndi a Manase, amene ankamwa khofi pakhondepo m'mawa uliwonse kufikira mapeto. Ndinawafunsa kuti tsopano khofi azimwa kuti.

"Khofi?" anatero, akupukuta m'maso. "Achimwene, chinthu chija sindinachikondepo n'kamodzi komwe. Koma chibwerereni kundende, ndi chinthu choyamba chimene munthu anandipatsa ndi manja awiri."